Makapu awiri a mchenga wamoyo: mmene ndinayambitsira thanki yanga ya makorali

Thanki yanga yowetera nsomba ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja zamchere timene timamanga matanthwe pansi pa madzi, ndi ya masentimita 90 mulitali ndi 45 mulifupi, ndipo itafika inakhala mwezi wathunthu yopanda madzi chifukwa nkhani ya mchenga inali isanakhazikike mumtima mwanga. Miyala ndinali nayo kale, pampu ndi hita zinali m'mabokosi mwake. Koma mchenga wa m'thanki ya madzi amchere si wongokongoletsera pansi ayi. M'menemo mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera m'matupi a nsomba ndi m'zakudya zowola, kukhala nitrite, kenako nitrate amene savulaza msanga. Mumakhalanso tinyongolotsi, tinkhono ndi tizilombo tina tosaoneka bwino ndi maso, timene timagaula mchengawo usiku ndi usana. Mchenga wokhala ndi zonsezi ndi umene timati wamoyo.

Maganizo okatapa mchenga kugombe la nyanja ndinawasiya msanga. M'maiko ambiri lamulo sililola, komanso simungadziwe mafuta ndi zonyansa zimene mafunde anasiyapo. Umene ndinkafuna ndi wa aragonite, wochokera ku makorali, zigoba ndi laimu wa m'nyanja zofunda. Kuuzindikira n'kosavuta: tapani pang'ono pasupuni n'kudonthezerapo viniga. Wa aragonite umachita thovu nthawi yomweyo, pamene mchenga wamba wa silica umangokhala duu.

Pa kukula kwa timibulu ndinaganizapo kwambiri. Wosalala ngati shuga ndi wokongola zedi, ndipo tinyongolotsi timaukonda, koma makorali amafuna madzi othamanga, ndiye pampu ikauzira umauluka n'kukatera pa makoraliwo. Wokhakhala wa zidutswa zikuluzikulu suuluka, koma zinyalala zimalowa m'mipata mwake n'kumawolera momwemo. Ndinasankha wapakatikati, wa milimita 1 mpaka 2. Kuya kwake ndinafuna masentimita 4. Alipo amene amaika masentimita 10 kapena 15 kuti pansi penipeni pasamafike mpweya, mabakiteriya ena azichotsa nitrate. Njirayo imagwira ntchito, koma imafuna munthu wodziwa kuti mchenga wotero sautakasa mwachisawawa, ndipo ine sindinafune kuyamba ndi zimenezo. Masamu ake ndi awa: 90 kuchulukitsa ndi 45, kuchulukitsanso ndi 4, timapeza malita 16 ndi pang'ono. Lita imodzi ya mchenga wotere imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, choncho ndinafunika makilogalamu 23 kapena kucheperapo pang'ono.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo inenso ndinatsala pang'ono kugula matumba onse a mchenga wamoyo wa m'sitolo, ngati uja wa CaribSea wotchedwa Arag-Alive. Mchengawu umabwera wonyowa m'thumba lomata, ndipo mabakiteriya alimodi. Koma taganizani: thumba lakhala pashelefu miyezi ingapo, lopanda kuwala, lopanda chakudya. Kanyongolotsi kapena kankhono sikangapirire zimenezo. Mukagula thumba lotero mwagula mabakiteriya basi. Si chinthu choipa, koma si moyo wonse umene mchenga wa m'nyanja umakhala nawo. Choncho ndinagula makilogalamu 18 a mchenga wouma ndi thumba limodzi lokha lamoyo la makilogalamu 4.5, nditayang'anitsitsa tsiku lake lothera ntchito. Zamoyo zinazo ndinaganiza zokapempha kwa munthu amene thanki yake inakhwima kale.

Wouma uja ndinautsuka pang'onopang'ono m'ndowa, kuthira madzi, kuvundula ndi dzanja, kukhuthula, mpaka madzi amene poyamba ankaoneka ngati mkaka anayamba kuonetsa zala zanga pansi. Ndowa iliyonse inafuna kutsukuluza kasanu ndi kawiri kapena kuposa, ndipo komaliza ndinkagwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, amene amachotsa zonyansa ndi mchere m'madzi a kumpopi. Wamoyo uja musautsuke ndi madzi opanda mchere, mupha zimene mwalipira.

Miyala ndinayamba kuikhazika pagalasi lapansi, mchenga pambuyo. Mwala wokhala pamwamba pa mchenga umadzagwa tsiku limene kanthu kena kadzakumbe pansi pake, ndipo ukhoza kuphwanya galasi. Nditayala wouma, ndinathira wamoyo pamwamba, n'kuikapo mbale kuti madzi azigwera m'mbalemo osakumba dzenje. Madziwo ndinawasakaniza dzulo lake, mchere wake uli pa 1.025 pa choyezera kulemera kwa madzi amchere, kutentha kuli pa madigiri 25 Celsius. Ngakhale ndinasamala chotero, thanki inachita chifunga masiku atatu. Ndinaika thonje losefera m'sefa, kumalisintha m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku lachinayi miyala inaonekera bwinobwino. Pampu imodzi inakumba pakona mpaka galasi kuonekera, ndinangoipendeketsa kuti iziuzira m'mwamba.

Kenako ndinadontheza ammonium chloride, mankhwala opereka ammonia, mpaka choyezera chinaonetsa 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita imodzi ya madzi), kuti mabakiteriya apeze chakudya n'kuchulukana. Ndinkayeza masiku awiri alionse. Ammonia anayamba kutsika sabata yachiwiri, nitrite anakwera n'kukhala pamwamba masiku angapo, kenako nayenso anatsika. Pa tsiku la 24 ndinathiranso 2 ppm, ndipo m'mawa mwake zonse ziwiri zinali pa ziro. Ndinadikira dala mpaka pamenepa ndisanakatenge mchenga wopempha uja. Mabakiteriya amakondwa ndi ammonia wochuluka, koma tizilombo tofewa timene ndinkafunato tikanafa tsiku lomwelo.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire amene thanki yake yatha zaka zisanu ndi chimodzi osaiphwasula. Ndisanatulutse n'kapu komwe, ndinakhala pampando kutsogolo kwa thankiyo pafupifupi theka la ola, kungoyang'ana. Ndinkafufuza Aiptasia, tija tooneka ngati timaluwa tabulauni timene timaluma makorali ndipo tikalowa m'thanki sititha msanga. Ndinkayang'ananso tinyongolotsi tafulati tofiirira tomata pagalasi, ndi ndere zoterera zokhala ndi timathovu pamchenga. Sindinaone chilichonse mwa izi. Ndiye ndinafunsa mafunso awiri amene ndinkachita nawo manyazi, poti munthu ukupempha.

"Pepani bambo, kodi munayamba mwathirapo mankhwala a kopa m'thanki muno?"

"Ayi mwanawe, muno muli makorali, kopa angawamalize onse. Nsomba ikadwala ndimaichotsa n'kukaichizira kwina."

"Nanga matenda a timadontho toyera aja, anayamba aonekapo?"

Anaganiza kaye, n'kunena kuti zaka zitatu zapitazo anaonekapo kamodzi, ndipo chiyambire pamenepo sanabwerenso. Ndinawathokoza chifukwa chosabisa. Mafunso awiriwa musawasiye, ngakhale mwini thanki akhale mnzanu wapamtima. Kopa amakakamira mu aragonite n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndipo amapha nkhono, nkhanu ndi makorali. Kachilombo koyambitsa timadontho toyera, kotchedwa Cryptocaryon irritans, kakachoka pansomba kamakamatira pamchenga kapena pamwala mkati mwa kachikwa kake, kudikira nthawi yoswa. Mukhoza kukanyamula m'kapu osadziwa. Chifukwa cha yankho lawolo ndinatsimikiza kuti thanki yanga ikhala masiku 76 yopanda nsomba, monga mmene oweta ambiri amalangizira, kuti ngati kachilomboko kabwera nawo kafe ndi njala.

Potapa, bambowo anandigwira dzanja. "Pamwamba pokha, osapitirira masentimita awiri. Pansipo musapadzutse." Anandionetsa m'mbali mwa galasi pamene mchenga wakuya unali ndi timabanga takuda. Pamenepo mpweya sufika, ndipo pamapangika hydrogen sulfide wonunkha ngati dzira lowola, amene ndi poizoni. Zamoyo zambiri zili pamwamba. Tinatapa malo anayi osiyana, makamaka m'mphepete mwa miyala, mpaka makapu awiri anadzaza. Ndinaununkhiza: fungo la nyanja basi. Ndinauika m'kabokosi kapulasitiki, madzi a m'thanki yomweyo atauphimba pang'ono, n'kukulunga ndi thawulo kuti usazizire, ndipo ola lisanathe ndinali nditafika.

Ndisanauthire m'thanki ndinauyala kaye m'beseni loyera lokhala ndi madzi amchere, n'kuunika ndi tochi. Poyamba unangooneka ngati mchenga wamba. Patapita mphindi ziwiri kanthu kopindika msana, kakang'ono kuposa kambewu ka mpunga, kanathamanga chammbali n'kubisala. Ameneyo anali amphipod. Kenako ndinaona kamwendo kowonda ngati ulusi, ka mizere yoyera ndi yakuda, kakutuluka pansi pa chidutswa cha chigoba: kanyenyezi kakang'ono ka m'nyanja. Kanyongolotsi kapinki ka timinga toyera m'mbali kanadzikoka n'kulowa pansi. Ambiri amanyansidwa nato tinyongolotsi timeneti, koma ine ndinakasiya, chifukwa ndi timene timadya zotsala m'malo amene dzanja silifika. Chongofunika n'kusatigwira ndi zala, timinga take timabaya ndipo pamayabwa.

Ndinazimitsa mapampu ndi magetsi a thanki. Ndinatenga payipi yapulasitiki yotakata, kuikhazika pamchenga, n'kumathira mchenga wopemphawo kukamwa kwake kuti utsetsereke mpaka pansi osamwazika. Ndinapanga timilu tisanu pafupi ndi miyala, osasakaniza, osakwirira. Tizilomboto timadzifalikira tokha. Patatha theka la ola ndinayatsanso mapampu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaponyamo chakudya cha nsomba chochepetsetsa, chongotsina ndi zala ziwiri, masiku awiri alionse, chifukwa m'thanki yatsopano mulibe chimene tingadye.

Sabata yotsatira mchenga wonse unachita bulauni ngati wawazidwa fumbi. Zimenezi ndi ndere zotchedwa diatom, zimabwera pafupifupi m'thanki iliyonse yatsopano ndipo zimatha zokha silicate, chimene zimamangira zigoba zake, akachepa m'madzi. Ndinaikamo nkhono zisanu za Cerith kuti zizidya nderezo, ndi zitatu za Nassarius zimene zimakhala zitadzikwirira, kachitamba kokha kali panja, n'kuvumbuluka zikamva fungo la chakudya. Nyenyezi zazikulu zosefa mchenga ndi nsomba za goby za mtundu wa Valenciennea ndinazikana. Zimayeretsa pansi, inde, koma zimatero podya tizilombo tomwe tija ndinavutikira kukapempha, ndipo m'thanki yaing'ono ngati yanga zikhoza kutimaliza.

Mwezi utatha chithirireni makapu awiri aja, ndinadzuka cha m'ma 2 koloko usiku n'kuunika ndi tochi yofiira, poti kuwala kofiira sikutithawitsa kwenikweni. Pagalasi panali timadontho toyera tambirimbiri tikuyenda modumphadumpha, tizilombo totchedwa ma copepod. M'mbali mwa galasi, mkati mwa mchenga, munali tinjira topyapyala tokhotakhota tofika pansi penipeni, ngakhale pakona yakutali imene sindinaikepo mulu. Pansi pa mwala waukulu panatuluka tiulusi tachikasu tambiri ta kanyongolotsi kobisala, tikutambasuka pamchenga n'kumakokera timibulu kudzenje kwake. Ndinalemba tsikulo m'kope langa, n'kuwerenga kuti kwatsala masiku 46 kuti nsomba yoyamba ilowe.