Momwe timalembera ana amasiye ndi kulandira alendo a mishoni kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique

Mpingo wakunja ukatilembera kuti gulu lawo likufuna kubwera kudzathandiza ana amasiye, ife a komiti ya mpingo yoona za ana amasiye sitivomera tsiku lomwelo. Timayamba tasankha mwezi, ndipo osankha ndife. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi yolowera m'midzi ya ku Dómuè, Tsangano ndi Macanga imasanduka matope, galimoto n'kutitimira tsiku lathunthu. Meyi mpaka Ogasiti ndiye nthawi yake: njira zauma, chimanga chili m'nkhokwe ndipo mtengo wake watsika. Chongowachenjeza n'chakuti Juni ndi Julayi kuno kumapiri kumazizira kwambiri. Ambiri amamva za kutentha kwa mzinda wa Tete, kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, n'kubwera ndi malaya opyapyala okhaokha.

Timawapempha miyezi inayi yokonzekera, ndipo yochuluka imathera pa kaundula wa ana amasiye.

Kaundula salengezedwa paguwa. Abusa akangonena kuti ana amasiye onse abwere Loweruka, bwalo la tchalitchi limadzaza ndi mudzi wonse, ndipo amene ali pamavuto enieni, monga agogo osayenda ndi ana odzilera okha, ndi omwe safika. Ife timayamba kwa amfumu ndi kwa sekeretariyo wa dera, kenako kwa mkulu wa localidade (chigawo chaching'ono cha boma), kuwafotokozera zomwe tikufuna kuchita. Kuwalumpha amenewa n'kudziputira mphekesera zoti mpingo ukulemba ana kuti uwagulitse, ndipo mphekesera yotere ikayamba siizimitsika msanga. Akavomera, atumiki ndi amayi a chigwirizano amayenda awiriawiri khomo ndi khomo, limodzi ndi munthu wa nyakwawa.

M'kope timalemba dzina la mwana, zaka zake, kholo lomwe linamwalira, amene akumusunga ndi ubale wawo, kuchuluka kwa ana onse pakhomopo, kalasi yomwe ali kapena yomwe analekezera, ngati ali ndi cédula (chikalata cha kubadwa) ndi khadi la kuchipatala, komanso ngati banjalo lili ndi munda ndi woulima. Za kachilombo sitilemba ayi. Kope limadutsa m'manja ambiri. Mwana akakhala pa mankhwala a TARV (ma ARV), amadziwa ndi mayi mmodzi yekha wa komiti amene amayendera khomolo, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti tsiku lokatenga mankhwala silikuphonyedwa.

Pali funso lina lomwe olemba atsopano amaiwala: mwini mwana ndani? M'mabanja a Achewa mawu omaliza amakhala ndi malume, mwini mbumba, ngakhale mwanayo akugona kwa agogo ake. M'mabanja ena a Angoni, kumene kunaperekedwa malobolo, mwana ndi wa kuchimuna. Mukagwirizana zonse ndi azakhali osamupeza mwini mbumba, tsiku lopita ku Registo Civil, ofesi yolembetsa kubadwa, mudzamva kuti mwana wapita naye kwina.

Tikamaliza timagawa makomo m'magulu atatu. Loyamba ndi la ana odzilera okha ndi amene akusungidwa ndi agogo ofooka kapena odwala. Lachiwiri ndi la ana amene ali kwa achibale amphamvu koma pakhomo pali pakamwa pambiri. Lachitatu ndi la amene kholo limodzi lilipo ndipo likulima. Thandizo limayambira pa gulu loyamba, ndipo mpingo wa mwanayo sitiuyang'ana. Wa Katolika, wa Chisilamu, wa kudambwe, onse amalowa. Timawerenganso khomo lonse, osati wamasiye yekha. Kupatsa mwana mmodzi bulangete ndi nsapato pakati pa ana asanu a azakhali ake n'kumuikira chidani m'nyumba yomwe akudyamo.

Kaundulayo timapita naye ku Acção Social, nthambi yoona za chisamaliro cha anthu, ku ofesi ya SDSMAS (ya zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu) ya boma lathu, asanaonedwe ndi mlendo aliyense. Iwo amatiuza makomo amene ali kale pa thandizo la INAS (bungwe la boma lothandiza ovutika), ndipo ena amene sanalembedwe angathe kuwayendera okha. Palinso nkhani ya malamulo. Mwa Lei da Família, lamulo la za mabanja, kupereka mwana kwa womuyang'anira, ku banja lomusunga kapena kwa womutenga kukhala wake, ndi chigamulo cha khoti pothandizidwa ndi a Acção Social. Abusa, amfumu kapena agogo alibe mphamvu yopereka mwana kwa mlendo, ngakhale mlendoyo alire bwanji. Kusonkhanitsa ana m'nyumba imodzi n'kuitcha malo osungira ana kumafunanso chilolezo cha boma. Pafupifupi gulu lililonse limafunsa za kumanga nyumba ya ana amasiye. Ife timakana. Mwana wochoka pamudzi amataya munda wa mayi ake, poti achibale amaugawana, ndipo akadzakula amabwerera ngati mlendo. Ndalama yodyetsa ana 20 m'nyumba yotero, kulipira owalera ndi alonda, ikanafikira makomo ambiri kuposa pamenepo.

Tsopano cédula, pomwe pamagona ntchito yotopetsa. Kulembetsa kubadwa kwa mwana ndi kwaulere m'masiku 180 oyambirira, koma ana athu ambiri anapitirira kalekale, ndiye pamakhala kulipira, pokhapokha banja litapeza atestado de pobreza (chikalata cha umphawi) kapena kukakhala kampeni yolembetsa mwaulere. Chikalata cha umphawichi chimayambira kwa sekeretariyo wa dera, n'kukatsimikizidwa kwa akuluakulu a boma. Popita ku Registo Civil timatenga wachibale womusunga ali ndi BI (chiphaso cha unzika) yake, mboni ziwiri zokhalanso ndi BI, khadi la sikelo la mwanayo ngati lilipo, ndi kalata ya amfumu yonena kuti makolo anamwalira, chifukwa maliro ambiri akumudzi sanalembedwe kuboma.

Zolepheretsa zimakhala zomwezomwe. Agogo alibe BI iwo eni, ndiye muyambe ndi iwo kapena mupeze wachibale wina amene ali nayo. Dzina lalembedwa mosiyana: pa khadi la chipatala Chikondi, m'kaundula wa sukulu Chicondi, ndipo dzina la bambo pena palembedwa la agogo aamuna, pena la mfunda. Musanapite, khalani pansi ndi banja ndi aphunzitsi, mugwirizane kalembedwe kamodzi, chifukwa kukonza dzina cédula itatuluka ndi ntchito ina yolipiranso. Chaka chobadwa sichidziwika: timafunsa kuti anabadwa limodzi ndi mwana wa ndani, n'kukaona khadi la mnzakeyo. Ndiye pali ana a m'malire, amene anabadwira kuchipatala cha ku Dedza kapena ku Ntcheu ndipo khadi lawo ndi la ku Malawi. Amenewa musawakweze galimoto mwachimbulimbuli. Mmodzi wa komiti ayambe wapita yekha kukafotokoza nkhani yawo kwa mkulu wa ofesi, amve zofunika, ndipo asanamizire malo obadwira. Timapita ndi ana osapitirira asanu pa ulendo umodzi, m'mamawa, tili ndi ndalama ya shapa (minibasi) ndi ya chakudya cha mbonizo, poti nazo zasiya ntchito zawo. Cédula ikatuluka timaijambula, yeniyeni n'kuisiya kubanja ili m'pulasitiki. Popanda pepala limeneli mwana amavutika pa mayeso, potenga BI, ngakhale poteteza munda wa makolo ake.

Za sukulu n'zachidule. Lamulo la 2018 likuti mwana aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo m'makalasi amenewa salipira matrícula, ndalama yolembetsera sukulu. Chimene chimachotsa ana athu m'kalasi ndi yunifolomu, makope, njala ndi ganyu. Kalasi 1 amalembetsa chakumapeto kwa chaka, choncho mayina a ana a zaka 6 timawapatula padera.

Alendo timawalembera kalata yowaitana yokhala ndi chidindo cha mpingo, yonena mayina awo, masiku, kumene adzagone ndi ntchito yomwe akudzagwira. Mtundu wa viza yoyenera ntchitoyo afunse ku kazembe wa Mozambique kwawoko, ife tifunse ku Migração, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ku Tete, miyezi isanathe. Ena amatera pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete n'kudzera ku Moatize, kukhotera pa Mussacama kulunjika ku Ulónguè. Ena amatera ku Lilongwe n'kulowera pa Dedza ndi Calómuè, njira yaifupi koma yofuna mapepala a maiko awiri. Akuluakulu a boma ndi apolisi a kwathu timawadziwitsa mwa kalata alendo asanafike.

Masutikesi a katundu timawaletsa. Mankhwala obwera nawo amagwidwa pa Alfândega (kasitomu), ena amakhala oti masiku ake atha, ndipo mlendo alibe chilolezo chogawa mankhwala m'mudzi. Zovala zilipo pa kaunjika, makope ndi sopo zili m'sitolo za ku Ulónguè, chimanga, nyemba ndi soya timagula kwa alimi athu omwe. Atumize ndalama basi, ku akaunti ya mpingo yosayinira anthu awiri kapena atatu, osati ya abusa. Izi n'zowateteza abusawo. Chogula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo pamsika pomwe malisiti kulibe, wogulitsa amasayina kapena kudinda chala m'kope. Bajeti timalemba mu meticais ngakhale kumalire kuno kwacha imayendanso, kuti masamu asasokonekere.

Powerengera timatenga thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pa khomo la anthu asanu pa mwezi. Phala la ana timasakaniza magawo 4 a chimanga ndi gawo 1 la soya, soyayo atakazingidwa kaye, apo ayi phala limanunkha chiwisi ndipo limatsegula ana m'mimba. Mwana mmodzi magalamu 100 a ufa, ndiye kuti ana 50 amadya makilogalamu 5 pa tsiku. Mbewu ya chimanga timawerengera makilogalamu 25 pa hekitala, choncho kamunda ka agogo ka kota la hekitala kamafuna makilogalamu 6 kapena kupitirira pang'ono.

Usiku woyamba timakhala nawo pansi kuwawerengera malamulo, aliyense n'kusayina. Mlendo sakhala yekha ndi mwana, m'nyumba kapena m'galimoto. Sajambula popanda chilolezo cha womusunga, ndipo chithunzi cha mwana sichipita pa Facebook ndi dzina lake, mudzi wake kapena matenda ake. Sapereka ndalama, foni kapena nambala yake kwa mwana. Salonjeza kanthu. Mlendo amangoti tidzaona za sukulu yako mongocheza, agogo n'kumva kuti nkhani yatha, ndipo amene adzafunsidwe chaka chamawa ndi atumiki a mpingo. Omasulira timafuna awiri: wa Chingerezi ndi Chichewa wa m'midzi, ndi wodziwa Chipwitikizi wa kumaofesi. Womasulira akhale munthu wokhwima, woti angathe kumuuza mlendo mwaulemu kuti funso ilo safunsa pamaso pa mwana.

Ntchito yowapatsa ikhale yomwe banja lapempha. Nthawi zambiri ndi denga lodontha, chimbudzi chogwa, chitseko cha nyumba yomwe mukugona atsikana okha. Mmisiri wa m'mudzi ndiye amatsogolera ndipo amalipidwa, alendo amaponda dothi ndi kutunga madzi. Masana pamakhala phunziro la Baibulo ndi masewera a ana onse a m'mudzi, popanda kuitana amasiye kutsogolo. Pemphero timapemphera pakhomo lililonse lomwe eni ake avomera, ndipo chimanga sichidikira kuti munthu abwere kutchalitchi. Kugawa sitichitira pabwalo ndi nyimbo ndi makamera. Katundu amapita kunyumba madzulo, atanyamulidwa ndi anthu a komiti, womusunga mwana n'kusayina. Pa ulendo woyendera khomo alendo asapitirire atatu, chifukwa azungu khumi pakhomo limodzi amachititsa anansi kuganiza kuti pasiyidwa chuma, ndipo achibale amene ankathandizako amaleka.

Chimanga chogula mu Juni sitigawa chonse alendo ali pompo, ngakhale iwo amafuna kuona matumba akutha. Mu Juni aliyense akudya. Njala imaluma Januwale ndi Febuluwale, alendo atapita kalekale, ndipo ndi nthawi yomwe ana amasiya sukulu kukapalira m'minda ya fodya ndi mbatata. Timasunga magawo awiri mwa atatu, chouma bwino, chothira mankhwala a anankafumbwe kapena m'matumba osalowa mpweya, pa mitengo osati pansi, makiyi ali ndi anthu awiri. Mbewu imagawidwa kumapeto kwa Okutobala. Mukaipereka msanga imadyedwa kapena kugulitsidwa.

Mbuzi zopatsirana zimayenda bwino pakhomo pomwe pali wozidyetsa ndi khola lokwera. Mbuzi imatenga bere pafupifupi miyezi 5, ndipo mwana woyamba wamkazi amapita ku khomo lotsatira pa kaundula. Kwa agogo okhala ndi tiana tating'ono mbuzi imangodya mbewu za eni ake n'kubweretsa milandu, bola nkhuku.

Khomo lililonse limayenderedwa kamodzi pa mwezi ndi munthu yemweyo, ndipo amayang'anitsitsa atsikana a zaka 13 mpaka 17, poti njala ikafika achibale ena amaganiza zowakwatitsa. Lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ngakhale akuluakulu ochititsa ukwatiwo. Tikamva zotere, kapena za nkhanza, sitikambira m'bwalo la akulu ampingo n'kuthera pomwepo. Timadziwitsa a Acção Social ndi gabinete ya apolisi yoona za mabanja ndi ana, kapena kuimba 116, Linha Fala Criança, yomwe ndi yaulere.

Miyezi itatu iliyonse mlembi amatumiza lipoti ku mpingo wakunja, lina ku Acção Social, lina n'kuwerengedwa pamsonkhano wa mpingo: ndalama zolowa ndi zotuluka, matumba otsala, ana amene alandira cédula, amene asiya sukulu ndi chifukwa chake, amene asamuka. Mayina a ana salembedwamo, timagwiritsa manambala a m'kaundula. Kaundulayo timamuunikanso chaka chilichonse tikakolola, tisanayankhe kalata ya gulu lotsatira.