Ku Faenza, Komwe Dongo Limavala Zoyera

Ndinafika ku Faenza, tawuni ya ku Italy, pa sitima ya pamtunda yochokera ku Bologna, ndili ndi cholinga chimodzi chokha, chokaona mbale ndi mitsuko yadongo yomwe inatchukitsa tawuni yaing'onoyi mpaka Afalansa anayamba kutchula ziwiya zonse za mtunduwu kuti faience. Eni ake ku Italy amati maiolica.

Nyumba yosungiramo ziwiyazi, Museo Internazionale delle Ceramiche, anaikhazikitsa ndi Gaetano Ballardini mu 1908, ndipo ngakhale mabomba anaiphwasula mu 1944, inadzukanso ndi mphatso za amisiri a m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Picasso, katswiri wojambula wa ku Spain. M'menemo ndinaona mbale za istoriato za m'zaka za m'ma 1500, zomwe amajambulapo nkhani yathunthu mpaka m'mphepete, komanso za ku matawuni a Deruta ndi Gubbio zonyezimira ngati golide chifukwa choziwotcha kachitatu mu utsi. Koma zomwe zinandigwira mtima ndi bianchi di Faenza, zoyera mbee, zokhala ndi kachithunzi kakang'ono pakati, chifukwa mmisiri wake anadziwa polekezera.

Zonsezi ndinazimvetsa bwino tsiku lotsatira, nditalowa m'kanyumba kena koumbiramo. Mayi wina anatenga mbale yowotchedwa kale kamodzi, yofiirira, n'kuiviika m'madzi osakaniza ndi ufa woyera wochokera ku chitsulo cha tini, ndipo itauma inakhala ngati yapakidwa choko. Luso loyeretsa dongo motere linayambira ku Iraq m'zaka za m'ma 800, pomwe oumba ankafuna kutsanzira mbale zoyera za ku China, kenaka linadzera ku Spain lisanafike ku Italy. Amayiwo anayamba kujambula pa ufa womwewo, womwe umamwa utoto nthawi yomweyo, moti mzere ukakhota kuukonza n'kovuta kwambiri. Ndinapezeka kuti ndagwira mpweya. Chinandidabwitsa koposa n'chakuti utoto wa cobalt womwe ankapaka unali wotuwa, ndipo anandifotokozera kuti umasanduka wabuluu pokhapokha mbaleyo ikalowanso mu ng'anjo, monga momwe mkuwa umatulutsira mtundu wobiriwira. Ankajambula mitundu yomwe maso awo sankaiona.

Ndinagula kambale kamodzi kokhala ndi duwa, ndipo pa tsamba lina pali kadontho komwe buluu wake ndi wakuda kuposa pena ponse, pomwe burashi inaima pang'ono isanapitirire.