Nyenyezi zanga zinasanduka masamusa

Loweruka. Dzulo ndinagona mochedwa, ndikujambula Jewel Box, kagulu ka nyenyezi kamene kali pambali pa Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda. M'mawa uno nditatsegula zithunzizo pa kompyuta, mtima unangoti phwa. Nyenyezi iliyonse inali ndi makona atatu. Mwana wanga atasuzumira anafunsa kuti, "Adadi, mwajambula masamusa?"

Poyamba ndinaloza chala mount, chipangizo chimene chimatembenuza telesikopu kuti izitsatira thambo. Chifukwa chokayikira chinalipo: mount imayenera kulozetsedwa ndendende pamalo amene thambo limazungulirapo. Kuno ku Lilongwe, malo amene thambo la kum'mwera limazungulirapo ali madigiri 14 okha kuchoka pansi, ndipo kwa ine abisika kuseri kwa mtengo wa mango wa aneba. Nayo Sigma Octantis, nyenyezi yolozera malowo, ndi yozilala moti m'tauni suingaione ndi maso. Ndiye ndimangoyerekeza. Koma mount ikalakwitsa, nyenyezi zimatalika ngati mpunga, zonse kuloza mbali imodzi, ndipo vutolo limakula ukajambula nthawi yaitali. Ine ngakhale zithunzi zoyesera za masekondi awiri zinali ndi masamusa omwewo.

Coma, vuto lina lopotoza maonekedwe a nyenyezi, ndimaidziwa kale. Telesikopu yanga ndi Newtonian ya 130 mm, f/5 (mtundu wa magalasi awiri, lalikulu pansi ndi laling'ono kumtunda), ndipo zoterezi m'makona a chithunzi nyenyezi zimamera timichira ngati ambululu. Pakati pamayenera kukhala pabwino. Kwa ine pakati pomwepo ndi pamene pananyanya.

Ndili mkati modya nsima masana m'pamene ndinakumbukira. Sabata yatha ndinatsuka galasi lalikulu la pansi lija chifukwa cha fumbi. Polibwezera, tizitsulo titatu timene timaligwira m'mbali ndinatimanga ndi mphamvu zonse, ngati ndikumanga tayala la njinga, poopa kuti lingagwe. Tizitsulo titatu, makona atatu! Galasi limaoneka lolimba, koma ukalifinya limapindika pang'ono kwambiri, mwakuti diso silingaone, pomwe kuwala kwa nyenyezi kumaulula zonse.

Ndinasiya mbale pomwepo. Ndinamasula chakumbuyo kwa telesikopu, n'kupeza mphira wa tizitsulo tija wachita kuphwatalala pagalasi. Ndinabweza sikuluu iliyonse mpaka kapepala kolimba kakulowa pakati pa mphira ndi galasi. Ntchito ya tizitsuloti ndi kutchinga galasi kuti lisagwe ukapendeketsa telesikopu basi. Kenako panabwera collimation, kulunjikitsanso magalasi awiriwo, imene inandidyera pafupifupi ola chifukwa ndinkapotoza sikuluu yolakwika kangapo konse.

Dzuwa litalowa ndinatulutsa telesikopu kuti galasi lizizire kaye kwa theka la ola. Likakhala lofunda nyenyezi zimachita kuvina. Ndinaloza Antares, yofiira ija ya m'gulu la nyenyezi la Scorpius, n'kusokoneza dala focus. Panatuluka donasi lozungulira bwinobwino, bowo lakuda lili pakatikati. Ndinafuula ndekha pabwalo mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.

Jewel Box ya lero yatuluka ndi timadontho tozungulira, ndipo kanyenyezi kofiirira kali pakati pa zinzake zoyera ndi zabuluu kakuoneka bwino. Ambululu a m'makona akadalipo. Coma corrector, kachipangizo kochotsa ambululuwo, idikire kaye, mwezi uno ndi wa fizi. Pakadali pano ndizingodula m'mbali mwa chithunzi. Zala zauma ndi chisanu cha June, ndipo mwana uja wagona asanaone.