Mmene tinabwerekera boti ku Chembe kuti amayi aone nyanja

Amayi anga anafika zaka 71 akulankhula Chinyanja, koma nyanja yeniyeniyo anali asanaionepo. Madzi aakulu omwe ankawadziwa ndi a Luangwa, amene amawasuzumira pa windo la basi popita ku Lusaka, ndi damu la Lutembwe kuno ku Chipata. Mwana wanga wamkulu ndiye anayambitsa nkhani tsiku lina tikudya. "Ambuya, Chinyanja chanu n'cha pamtunda," anatero. Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke. Patapita sabata anandiitana n'kundifunsa kuti pasipoti yomwe anatenga popita kumaliro ku Mchinji ikadagwirabe ntchito kapena ayi.

Gombe la nyanja ya Malawi lapafupi kwa ife a ku Chipata ndi ku Senga Bay, kupitirira Salima. Ine ndinasankha Chembe, kumene alendo amati Cape Maclear, chifukwa zilumba zili pafupi ndi gombe, moti munthu wachikulire sakhala nthawi yaitali pamadzi. Tinadikira holide ya ufulu ya pa 24 Okutobala. Kumatentha koopsa nthawi imeneyo, koma mwera, mphepo ija imavundula nyanja kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, umakhala utaleka, ndipo mvula imakhala isanadetse madzi.

Tinali anthu asanu ndi mmodzi: amayi, ine, amake ana, ndi ana atatu. Tinanyamuka 05 hours thanki ili yodzaza, chifukwa ku Malawi mafuta amasowa nthawi zina ndipo sindinafune kukafola pamzere. Pa Mwami zinthu zinapepuka chitsegulireni boda yatsopano mu 2022, poti maofesi a mayiko onse awiri ali malo amodzi. Ife a ku Zambia sitifunika viza, koma aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi chiphaso chake. Galimoto ndiyo imadya nthawi: white book yosonyeza mwini galimoto, inshuwalansi ya COMESA ija amati yellow card, ndi chikalata cholowetsera galimoto kwa masiku owerengeka. Mapepala amenewa muwaike pafupi, adzawafuna pa rodibuloko iliyonse. Ndalama ndinasintha zokwanira ulendo wonse, popeza ndinauzidwa kuti kumudziko za boti n'za pamanja. Zinadzaza kachikwama ka amake ana, ndipo amayi anati sanagwirepo mpukutu waukulu chotero chibadwire.

Msewu ndi wa Mchinji, Lilongwe, Dedza, kenako n'kutsetsereka Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Pamenepo mabuleki akhale abwino. Amayi anaimba nyimbo ya kutchalitchi kuchokera pamwamba mpaka pansi, maso ali chitsinzinire. Mukatsala pang'ono kulowa Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kudutsa m'mapiri a paki ya Lake Malawi National Park momwe anyani amakhala pamsewu ngati eni ake. Tinafika cha m'ma 15 hours.

Tisanatsitse n'komwe zikwama, anyamata anayi anali atatizungulira. Aliyense ali ndi boti, aliyense boti lake ndiye labwino. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Munthu watopa, waona madzi koyamba, mtima uli m'mwamba, amangovomera ndi kupereka ndalama kwa woyamba kumupatsa moni. Ine ndinawauza kuti tiyambe tamwa madzi. Kenako ndinafunsa mayi woyang'anira pamalo pomwe tinagona kuti atiitanire munthu amene iwo amamudziwa, wa m'bungwe la otsogolera alendo a m'mudzimo. Ubwino wake ndi woti zikavuta muli ndi pokadandaula, ndipo iyenso amadziwa kuti mawa adzafuna kutumiziridwa alendo ena.

Anabwera dzuwa likulowa, bambo wa zaka za m'ma 40, wolankhula mosathamanga. Anatiuza kuti pali njira ziwiri. Mutha kukwera limodzi ndi alendo ena, aliyense n'kulipira mutu wake, kapena kutenga boti lonse likhale lanu. Kukwera ndi ena n'kotchipa, koma mumayendera nthawi ya gulu. Ife tinali ndi munthu woti mwina pakangopita mphindi khumi anena kuti ndibwezeni, ndiye sindikanafuna kukapepesa azungu asanu ndi atatu pakati pa nyanja. Komanso titawerengetsa mitu isanu ndi umodzi, kusiyana kwake kunali kochepa.

Tinakhala pamchenga n'kuyamba kukambirana. Mtengo woyamba umene anatchula sindinaukane kapena kuuvomera. Ndinangoti, "Achimwene, tandiuzani zimene zili m'kati mwa ndalama imeneyi." Ndinaphunzira funso limeneli pogula ng'ombe ku Katete: usamanenerere usanadziwe ngati chingwe chili pamtengo womwewo. Anayamba kuwerenga. Petulo alimo. Malipiro ake ndi a mnyamata wa injini alimo. Magalasi oonera pansi pa madzi ndi timapaipi topumira, zilimo, koma anali nazo zitatu. Chakudya cha masana, ayi, n'chapadera. Nsomba zoponyera nkhwazi, zapadera. Ndalama yolowera m'paki, yapadera, ndipo salandira ndi iye. Mukuona kuti mtengo umene unkamveka wathunthu unali ndi michira itatu.

Ndinamupempha kuti chakudya ndi nsomba za nkhwazi azilowetse momwemo, tithane kamodzi. Tinagwirizananso malo opita, kuwatchula mayina: Otter Point, kuzungulira chilumba cha Thumbi, kuima posambira, kudya, n'kubwerera. Chilumba cha Domwe ndinachichotsa, chifukwa petulo ndiye amakweza mtengo, ndipo kutalika kulikonse kumene mwawonjezera mumalipira ndinu. Titachotsa Domwe mtengo unatsika wokha popanda kukangana. Ndinanenererako pang'ono pamwamba pake, osati kwambiri. Munthu amene akukatengerani ana pamadzi akuya si woti mumufinye mpaka anyamuke ali wokwiya, kapena achepetse petulo kuti apezepo kanthu.

Anapempha chikole chogulira mafuta ndi nsomba. Ndinapereka theka, pamaso pa mayi uja, ndipo amake ana analemba zonse papepala: malo, nthawi, chakudya, ndalama yotsala, ndi majekete oyandamitsa asanu ndi limodzi, awiri a ana aang'ono. Pa nthawi tinasokonezana pang'ono. Ine ndinati 07 hours, iye n'kundiyang'ana, kenako n'kuseka: "Seveni koloko, eti? Mwayambatu Chizambia." Iye ndiye analimbikira zonyamuka m'mawa, poti nyanja imadzuka ili bata ndipo kamphepo kamakonda kuyamba dzuwa likapendeka.

Usiku umenewo amayi anaona mzere wa magetsi kutali pamadzi n'kufunsa kuti tauni imeneyo ndi iti. Zinali nyale za asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala. M'mawa usipa womwewo unali utayanikidwa pamathandala m'mbali monse mwa gombe. Anautola, kuununkhiza, n'kugamula kuti ndi kapenta wonenepa, ngakhale sungapose wa ku Mpulungu.

Boti linafika pa nthawi yake, lathabwa, lokhala ndi denga la lona ndi injini kumbuyo. Majekete anali anayi, limodzi lopanda lamba. Wotitsogolera uja anati nyanja ili phee, palibe choopsa, ndipo iye anabadwira pomwepo. Amake ana sanayankhe, anangotulutsa pepala lija n'kukhala pansi pamchenga. Mnyamata wa injini anathamanga, ndipo pasanathe mphindi makumi awiri anabwera ndi ena atatu obwereka. Pa zonse zimene tinachita pa ulendowu, apa pokha m'pamene ndinganene kuti musagonje. Nyanja iyi kumpoto kwake imazama kupitirira mamita 700, koma munthu wosadziwa kusambira amamira ngakhale pa mamita awiri, ndipo ana a ku Chipata kusambira kwawo n'kwa m'madambo nthawi ya dzinja.

Zilumbazi zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Choncho pamafunika kulipira, ndipo mtengo wa nzika za Malawi ndi wotsika kuposa wa alendo. Mnyamata wina amene ankatitsatira pagombe anandinong'oneza kuti ndingonena kuti ndife a ku Mchinji, palibe angazindikire. Amayi anamva. "Ine ndine wa ku Chadiza, sindiyamba bodza ndi imvi," anatero. Kenako anatembenukira kwa wotitsogolera: "Koma inu mukabwera ku Mkaika kudzalamba kwa Gawa Undi, ife timakulipiritsani za alendo?" Bamboyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Tinalipira za alendo, ndipo lisiti ndinaisunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi mafoni. Ku Chembe komweko kuli manda a amishoni a ku Scotland amene anakhazikitsa Livingstonia pamalopa mu 1875, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Dzina loti Maclear analipereka ndi David Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni mudzi amangoti Chembe.

Kukweza amayi inali ntchito. Boti silifika pouma, ndiye muyenera kuponda m'madzi mpaka m'mawondo. Anamangirira chitenje, ine mbali iyi, wotitsogolera mbali inayo akuti, "Pang'onopang'ono agogo, pondani apa." Anawakhazika pakati, pomwe sipagwedezeka kwambiri. Injini italira anandigwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zinasiya zizindikiro. Titapitirira miyala ya ku Otter Point anandisiya, n'kuyamba kufunsa ngati kuli ng'ona. Anawayankha kuti ng'ona zimakonda kumabango ndi kumathiriro a mitsinje, osati kumiyala kumene tinkapita. Akatumbu amene anapatsa malowo dzina sitinawaone.

Pa Thumbi anazimitsa injini pafupi ndi miyala ikuluikulu, n'kutipatsa zidutswa za buledi kuti tiviike m'madzi. Sindinaonepo zotero. Tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tinabwera mazanamazana n'kumajompha zala. Ndi mbuna zimenezo, nsomba za m'miyala. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake kuwedza n'koletsedwa pamtunda wa mamita 100 kuchokera m'mbali mwa zilumba za paki. Wotitsogolera anavala magalasi n'kulowa ndi ana mmodzimmodzi, atawagwira pajekete. Wamng'ono anavuuka akukuwa kuti waona nsomba ikumeza ana ake. Anamufotokozera kuti sikudya, mbuna yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, ndipo kukabwera choopsa timathawira momwemo. Amayi anati nsomba imeneyo ndi yanzeru kuposa anthu ena amene amawadziwa. Iwo sanasambire. Anangotsitsa mapazi m'madzi, mbuna n'kumawakodola, iwo n'kumazikalipira.

Kenako tinazungulira kuseri kwa chilumba, kumene mitengo yake ndi yoyera ndi zitosi za mbalame. Mnyamata wa injini anatenga nsomba, n'kuilowetsa kabango kuti isamire, anaimba likhweru kawiri n'kuiponya. Poyamba panalibe chilichonse. Mwadzidzidzi nkhwazi inachoka pamtengo, mutu woyera, mapiko tambasu, inatsika mopendekeka n'kutola nsombayo ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga. Inzake inatsala pamtengo ikulira, mutu utagadamira kumbuyo. Tsikulo linali lotsatira la ufulu, ndipo dzulo lake mbendera zathu zokhala ndi nkhwazi zinali pali ponse kwathu. Amayi anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa ndalama yapepala ya kwathu imene anasunga, n'kuyang'ana mbalame ili pamenepo, n'kuyang'ananso kumtengo. "Kani ndi yamoyo," anatero. Anapempha kuti aponyenso. Nsomba zinayi zimene tinagula zinatha, ndipo akanapitiriza zikanakhalapo.

Nsima anaiphikira pamthunzi, ndiwo zake kampango wootcha ndi tomato. Tikutsuka m'manja ndinaona kuti madzi ayamba makwinya, ndipo wotitsogolera anali ataona kale. Pobwerera boti linkadumpha pang'ono, madzi n'kumatithovokera kumaso. Ana ankasangalala, amake ana ali chete. Tinatsika cha m'ma 14 hours. Ndalama yotsala ndinaperekera pagombe, titatsika tonse, n'kuwonjezerapo kangachepe ka mnyamata wa injini m'manja mwake, chifukwa ndiye anathamangira majekete.

Chotsala ndi likodzo. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi osaya, makamaka kugombe la mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba, ndipo timalowera pakhungu. Si zoti mumwe mankhwala tsiku lomwelo, chifukwa praziquantel amapha nyongolotsi zikakula, ndipo zimatenga masabata angapo kuti zikule. Ife tinadikira miyezi iwiri, n'kupita tonse kukayezetsa Khirisimasi itayandikira. Amayi anakana poyamba, ati iwo anangoviika mapazi. Ndinawakumbutsa kuti anaponda m'madzi mpaka m'mawondo kawiri, pokwera ndi potsika. Anapita, ndipo pamzere wa kuchipatala anafotokozera amayi anzawo awiri za nsomba yosunga ana m'kamwa mpaka namwino anachita kuwaitana kachitatu.