Zala ziwiri pansi pa chitsulo

Lolemba ndi tsiku la anthu olapa. Pa jimu pomwe ndimaphunzitsa mafizo timatsegula 5 koloko m'mawa, ndipo Lolemba lililonse pamakhala nkhope zatsopano. Ena galasi lawauza zoona kumapeto kwa sabata, ena adokotala awaopseza. Kutchalitchi, komwe ndine mkulu wa mpingo ndipo nthawi zina ndimalalikira, anthu otere timawaona sabata yoyamba ya Januwale. Amabwera akutentha, koma sachedwa kuzirala.

Sabata yathayi kunabwera bambo wina wazaka za m'ma 50, wogwira ntchito ya muofesi, kapepala ka kuchipatala kali m'manja. BP yawo inali itadutsa 140/90 kangapo, ndipo adokotala anawauza kuti pambali pa mankhwala ayambe mafizo pang'onopang'ono. Koma maso awo anali pa anyamata amene ankakankha makilogalamu 100 pabenchi. Ine ndinawapatsa chitsulo chachitali chija chopanda kanthu, chimene pachokha chimalemera makilogalamu 20.

"Aphunzitsi, ndalipira ndalama zanga kuti ndidzanyamule ndodo?"

"Bambo, lero minofu iyembekeze kaye. Tiyambe ndi mpweya."

Munthu akamanyamula cholemera amagwira mpweya osadziwa, ndipo zikatero BP imakwera mwadzidzidzi. Kwa mnyamata wathanzi si nkhani yaikulu, koma kwa bambowa inali nkhani. Choncho tinatha theka la ola pa chinthu chimodzi chokha: kokani mpweya potsitsa, tulutsani pokankha. Ndinawafotokozeranso kuti mphamvu zimene munthu amamva kuti zawonjezeka m'masabata oyambirira sizichokera kwenikweni ku kukula kwa minofu. Ndi ubongo ndi mitsempha zimene zikuphunzira kulamula minofu yomwe ilipo kale. Kenako ndinawauza zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalemba mu 2020, kuti munthu wamkulu azichita mafizo osalemetsa kwambiri kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu, muyezo wapansiwo wakwana. Nkhope yawo inagwa. Ankafuna ndiwalamule chinthu choopsa, choti akafotokozere anzawo kuofesi. Ndinakumbukira Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya uja, amene anapsa mtima atauzidwa kuti akangosamba kasanu ndi kawiri mu Yorodano. Anachita kumutonthoza ndi antchito ake, kuti mneneri akanalamula chinthu chovuta bwenzi atachita mosanyinyirika. Anthu onga Namani ndimakumana nawo pafupifupi sabata iliyonse, pa jimu ngakhalenso pa mapemphero.

Lachiwiri panalibe zambiri. Waya wa makina okokera unayamba kusosoka, ndiye ndinatseka makinawo n'kuitana wokonza. Ndinapukuta thukuta la eni ake pamabenchi, ndi kutolera zitsulo zimene amuna akuluakulu amasiya pansi ngati kuti zimabwerera zokha pamalo pake. Ntchitoyi mbali yake yaikulu ndi imeneyi, kungoti pazithunzi za pa Facebook siioneka. Ku Korinto Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo nkhaniyo inangopatsidwa vesi limodzi mu Machitidwe 18. Ndimaganiza kuti masiku ambiri otere anadutsa popanda chozizwitsa chilichonse, singano ndi chikopa basi.

Lachitatu bambo aja anabweranso, akutsika masitepe chammbali. Ndinawauza kuti asaope. Kuphwanya kwa minofu kotere kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72 munthu akachita zimene thupi silinazolowere, kenako kumatha kokha. Choti asachinyalanyaze ndi ululu wobaya m'mfundo, kuthina pachifuwa, chizungulire kapena phuma losadziwika bwino. Izo zikabwera, chitsulo pansi, ulendo wa kuchipatala.

Chimene chinandikhala m'mutu tsikulo chinachitika chakumasana. Mnyamata wina amene wakhala nafe nthawi yaitali anandipempha kuti ndimuimire pabenchi, ataika makilogalamu 80. Ndinaima kumutu kwake nditatangadza miyendo, manja ali pansi pa chitsulo koma osachikhudza. Maulendo asanu anayenda bwino. Ulendo wachisanu ndi chimodzi chitsulo chinakwera n'kuima panjira. Chigongono chakumanzere chinayamba kunjenjemera, mtsempha wa pakhosi unatupa, phazi limodzi linanyamuka pansi. Pamenepo ndi pomwe pagona ntchito yanga. Ukagwira msanga wamubera munthu, chifukwa mphamvu amazipeza pa ulendo wovutawo, osati pa asanu ophweka aja. Ukachedwa, chitsulo chimutsikira pachifuwa kapena pakhosi, ndipo alipo anthu amene anafa nazo zimenezi. Ine ndimatere: chikamakwerabe, ngakhale pang'onong'ono, sindikhudza, ndimangolankhula. Chikaima, ndimaikapo zala ziwiri. Chikayamba kubwerera pansi, ndimagwira ndi manja onse osafunsa mwini wake. Apa chinaima, ndinaikapo zala, ndipo chinakwera mpaka pamwamba.

"Achimwene, mwanyamula ndinu eti?" anafunsa akupumira m'mwamba.

"Ayi ndithu. Anga anali mwina makilogalamu awiri. Otsalawo anali ako."

Madzulo ake pa phunziro la Baibulo tinali pa Agalatiya 6, ndipo mayi wina anafunsa funso labwino. Vesi 2 likuti tizinyamulirana zothodwetsa, koma vesi 5 likuti aliyense adzasenza katundu wake. Nanga Paulo akudzitsutsa? Zala zanga zinali zikanamva kuzizira kwa chitsulo chija, koma ndinayankha ndi Eksodo 17. Manja a Mose atalema pankhondo yolimbana ndi Amaleki, Aroni ndi Huri sanamuuze kuti akapume iwo akweze awo. Anamuikira mwala kuti akhalepo, wina anagwira dzanja ili wina linalo, mpaka dzuwa kulowa. Manja okwezedwawo anali a Mose ndithu.

M'mipingo timaphonya mbali zonse ziwiri, ndipo sindidziwa kuti yoipa kwambiri ndi iti. Alipo atsogoleri amene amalanda chitsulo chonse. Munthu sangasankhe ntchito, sangafunsire banja, sangagule munda osayamba wamva kwa iwo, ndipo patapita zaka khumi amakhala adakali khanda. Alipo ena amene amaima kutali n'kumakuwa kuti "tikukupemphererani," chitsulo chili pakhosi pa mnzawo. Kuima pafupi manja ali okonzeka, koma osakhudza, n'kotopetsa kuposa zonsezi, ndiponso palibe amene amakuyamika.

Lachinayi madzulo ndinapita ndi dikoni wina wachinyamata kukaona bambo amene akazi awo anatisiya miyezi ingapo yapitayo. Chichitikire maliro sanapondenso kutchalitchi. Mnzangayo anali ataika timapepala m'Baibulo lake, mavesi okonzeratu. Tinawapeza bambowo ataonda, lamba atabowola chibowo chatsopano ndi msomali, makatani ali otseka dzuwa likadalipo. Funso loti bwanji simukubwera ndinalisiya. Ndinafunsa mafunso amene ndimafunsa munthu aliyense amene mphamvu zake zatsika mosadziwika bwino.

"Bambo, mukugona? Nanga kudya?"

Anati tulo amatiwona cham'bandakucha, ndipo chakudya amangolawa. Ndinawapempha kuti avale nsapato tikawongole miyendo. Tinayenda pang'onopang'ono, pa liwiro loti munthu n'kumalankhula osabanika, ndipo ndi panjirapo pomwe anamasuka. Amuna ambiri amalankhula bwino mukamayenda limodzi kusiyana ndi pamene mwayang'anizana pamipando. Anakamba za matendawo, za mabotolo a mankhwala amene akanika kuwataya, za mpando wa kutchalitchi umene sangapirire kuuona uli wopanda munthu. Ndinawauza mosabisa kuti kusowa tulo kwa miyezi yotere n'kofunika adokotala, ndipo kupita kuchipatala sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Tinapemphera mwachidule pakhomo.

Pobwerera dikoni uja anadandaula kuti sitinatsegule n'komwe Baibulo. Ndinamuuza akawerenge 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli anagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mngelo sanabwere ndi ulaliki. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anamusiya agonenso, n'kumudyetsa kachiwiri. Mawu anadzabwera pambuyo pake ku Horebu, patatha ulendo wa masiku 40. Timapepala take ndinamuuza asachotse, tsiku lake lidzafika.

Lachisanu m'mawa abusa anaimba foni kuti Lamulungu sadzakhalapo, ndikonzeke kugawa mawu. Mnyamata wa pabenchi uja anamva, ndipo anayamba kundithandiza ulaliki osapemphedwa. Anati ndikawauze kuti Chikhristu ndi jimu, ukalimbikira umaona zotsatira, Mulungu amathandiza wodzithandiza. Mawu omalizawa m'Baibulo mulibe, ngakhale ambiri amawatchula molimba mtima ngati vesi. Koma mnyamatayo sananame zonse. Paulo mwini wake, pa 1 Akorinto 9, anafanizira moyo wa Mkhristu ndi wothamanga komanso wankhonya, ndipo anthu a ku Korinto anamumva bwino chifukwa pafupi ndi mzinda wawo pankachitika mpikisano waukulu zaka ziwiri zilizonse, wopambana n'kulandira nkhata yamasamba imene inkafota. Ubale wa mpingo ndi masewera unapitirira. Bungwe la YMCA linayamba ku London mu 1844 ngati gulu la anyamata opemphera, motsogozedwa ndi George Williams. Mpira wa basketball anauyambitsa James Naismith mu 1891 pa sukulu ya bungweli mumzinda wa Springfield ku America, ndipo volleyball inabadwa mu 1895 ku Holyoke, ku America komweko, m'manja mwa William Morgan, wa bungwe lomweli. Ndiye ine sindichita manyazi kutumikira mbali zonse ziwiri.

Komabe fanizoli lili ndi polekezera, ndipo alaliki ambiri okonda mafizo amapitirira pamenepo. Chitsulo chilibe chifundo. Chimakulipira zimene wagwirira, ndipo ukajomba mwezi umodzi chimayamba kukulanda. Ngakhale chilungamo chakecho n'chokayikitsa, pakuti anthu awiri amatha kutsata ndondomeko imodzi koma wina n'kukula msanga chifukwa cha chibadwa, zaka kapena tulo. Tikangotengera malamulo a chitsulo kuguwa, sipatenga nthawi kuti tiyambe kuyang'ana wonenepa, wolumala kapena wodwaladwala ngati waulesi pa zauzimu. Ndaona amuna amene sajomba 5 koloko m'mawa koma kunyumba kwawo ana amathawa akamva mapazi awo. Ndaonanso mayi wogona pabedi chaka chonse amene ukapita kukamulimbikitsa umabwerako utalimbikitsidwa ndiwe. Pa 1 Timoteo 4:8 Paulo sananyoze kulimbitsa thupi, anangoti phindu lake lili ndi malire. Ine amene ndimadyera momwemo ndikuvomereza. Ndinamuuza mnyamatayo kuti ndikalalikira za Mateyu 20, ndipo anati akawerenga. Kaya anawerenga.

Loweruka m'mawa ndi kalasi ya achikulire, imene ndimaikonda kuposa onse. Kwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, WHO imawonjezera mafizo othandiza kuima mosadzandira, masiku osachepera atatu pa sabata, chifukwa kugwa n'kumene kumagoneka okalamba ambiri. Timadzuka pampando osagwira ndi manja n'kuwerenga kuti takwanitsa kangati m'masekondi 30, timaima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma. Gogo wina anandikoka malaya.

"Mwanawe, za kuonda ine ayi. Ndikufuna ndizigwada popemphera n'kudzuka ndekha, osaitana adzukulu."

Tinayala mphasa yofewa pafupi ndi mpando wolimba. Bondo limodzi pansi, phazi linalo kutsogolo, dzanja pampando, kukankha ndi chidendene. Ulendo woyamba ndinawagwira m'khwapa. Wachitatu ndinangoima pambali, ndipo atadzuka anandikalipira kuti bwanji sindinawaphunzitse kale.

Lamulungu ndinalalikira za mwini munda wa mpesa amene analemba aganyu m'mamawa, ena cha m'ma 9, ena masana, ena cha m'ma 3, ndipo omaliza 5 koloko madzulo, koma pofika nthawi ya malipiro onse anawapatsa mofanana. Za zitsulo sindinatchule. Titatuluka, bambo wina amene watumikira mumpingomo kuyambira ine ndili mwana anandiimitsa pakhomo.

"Akulu a mpingo, ndiye ife amene tinayamba m'mamawa tinapusa?"

Ndinati ayi bambo, mwini munda sanawabere, anawapatsa zomwe anapangana. Ndiponso aja a 5 koloko sanali pa tchuthi. Anaima pamsika tsiku lonse palibe wowalemba, osadziwa kuti ana adya chiyani usiku umenewo, pamene a m'mamawa ankagwira ntchito akudziwa kuti malipiro alipo. Anapukusa mutu.

"Nanga kuntchito kwanu kuja mungalole zimenezo? Wobwera dzulo afanane ndi wa zaka khumi?"

Ndinati kumeneko ngakhale nditafuna sizingatheke, thupi silingalole. Anaseka, koma sanakhutire. Anati nkhaniyi isathere pakhomo, ayibweretsa Lachitatu pa phunziro la Baibulo pamodzi ndi fanizo la matalente la pa Mateyu 25, ndipo ndikakonzeke bwino chifukwa kumeneko waulesi analandidwa ngakhale kochepa komwe anali nako.