Tsiku limene ndinakajambula dziwe la St James

Aliyense amene anakwerapo sitima yochokera ku Cape Town kupita ku Simon's Town amadziwa kuti mukangodutsa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, moti tsiku la mafunde madzi amawaza mawindo. Musanafike ku Kalk Bay pali siteshoni yaing'ono ya St James, ndipo kumunsi kwake kuli dziwe losambiramo limene akale anamanga pakati pa matanthwe zaka zoposa 100 zapitazo. Anangomanga khoma la simenti lotchinga kachigawo ka nyanja, kotero kuti nyanja ikadzaza mafunde amalumpha khomalo n'kusintha madzi, ndipo ikaphwa mumatsala madzi abata oti ngakhale mwana n'kusambamo. Kumtunda kwake kwandanda tinyumba tamatabwa tosinthiramo zovala, tofiira, tachikasu, tobiriwira ndi tabuluu.

Chimene chinandituma kumeneko ndi chitonzo cha abale anga kumudzi, amene ankati zithunzi zonse zimene ndimawatumizira kuchokera ku Joni ndimakhala nditatsamira galimoto ya munthu wina. Ndinatsimikiza mtima kuti ndiwatumizire chithunzi chimene palibe anganene kuti chili ndi mwini wake, pakuti nyanja ndi ya Mulungu. Komanso popeza malamulo a tsankho, amene anathetsedwa mu 1990, ankaletsa munthu wa khungu langa kusamba m'malo ngati amenewa, ndinaona kuti n'koyenera kufikapo mwaulemu, nditavala suti, taye ndi nsapato zachikopa zimene ndimapita nazo kutchalitchi.

Kamera ndinabwereka kwa alamu anga, amene amajambula zinkhoswe ndi maukwati a Amalawi a kuno. Anandipatsa pamodzi ndi choimikira chake cha miyendo itatu, koma anayamba andilangiza ngati namwali. Anandiuza kuti ndifike dzuwa lisanatuluke, chifukwa gombe limenelo limayang'ana kum'mawa ndipo kuwala koyamba kumamenya tinyumba tija kumaso, mitundu yake n'kuonekera m'madzi a dziwe mphepo isanayambe kuwavundula. Anandisonyeza batani lochedwetsa, limene limapatsa munthu masekondi 10 oti athamangire kutsogolo kwa kamera, ndipo anaitchera kuti ikayamba izijambula zithunzi zambiri motsatizana. Pomaliza anati, “Alamu, mukhoza kunyowa inuyo, koma kamera yangayi isaone mchere.”

Ndinafika kudakali chisisira, ndinadutsa kunsi kwa njanji, ndipo ndinapeza okalamba angapo akusambira kale m'madzi amene ine nditangowagwira ndi chala ndinamva kuzizira mpaka m'mano. Ndinaimika kamera pa thanthwe lalitali pambali pa dziwe, ndinasuzumira, ndipo ndinaona kuti malo abwino oti ine ndiimepo ndi pakona ya khoma lakunja, kumene tinyumba tonse tikanaoneka m'chithunzi pamodzi nane. Khomalo linali louma pamwamba, ngakhale m'mbali mwake munali ndere zobiriwira.

Gogo wina wamkazi, atavala kachipewa ka labala, anasambira mpaka pafupi nane n'kundifunsa mwaulemu ngati ndinaona ndandanda ya nthawi za madzi. Anati mwezi unali wathunthu usiku umenewo, choncho nyanja ikubwera ndi mphamvu. Ndinamuthokoza, ndipo ndinamufotokozera kuti ine ndinabadwira ku Nkhotakota, ndinakwera bwato ndisanayambe sukulu, ndipo mwera ndimaudziwa ukadali kutali. Gogoyo anangoti, “Chabwino, bambo,” n'kubwerera chagada, koma sanapite patali, ndipo ndinaona kuti anzake onse asiya kusambira n'kuyang'ana kwa ine. Ndinaganiza kuti akusirira suti.

Apa ndiyenera kudandaula za khalidwe la nyanja yamchere. Nyanja yathu ya Malawi ndi yaulemu, pakuti imakwera ndi mvula n'kutsika m'chilimwe, ndipo munthu ukasiya bwato pamchenga m'mawa umalipeza pomwepo madzulo. Nyanja ya kuno imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri tsiku lililonse, pafupifupi maola 6 aliwonse isintha maganizo, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene imakwera koposa masiku onse. Aphunzitsi athu anatchulapo zimenezi ku pulayimale, koma anaziphunzitsa ngati nkhani ya mayeso, osanena kuti tsiku lina zidzakhudza buluku la munthu.

Dzuwa litangosuzumira pamwamba pa mapiri a kutsidya kwa False Bay, tinyumba tija tinayaka mitundu, ndipo ndinadina batani n'kuuyatsa ulendo wa pakhoma. Ndinafika pakona nthawi ikadalipo, ndinakonza taye, ndinaika dzanja limodzi m'thumba, ndipo ndinamwetulira. Nyanja ndinali nditaifulatira. Chimene ndinamva ndi mkokomo kumbuyo, ndipo popeza nthawi yomweyo sitima inali kutulukira, ndinati mkokomowo ndi wa sitima.

Funde loyamba linangondigwira m'mapazi, lozizira, n'kudzaza nsapato zonse ziwiri. Ndikanatha kupirira, chifukwa chithunzi sichionetsa masokosi. Koma pofuna kukweza mwendo umodzi ndinaponda ndere ndi mwendo winawo, ndipo nsapato yachikopa ikakumana ndi ndere zonyowa sipakhala zokambirana. Funde lachiwiri linandipeza ndili kale m'malere, linandinyamula m'chiuno, n'kundiika m'dziwe mutu uli pansi. Ndinamwa madzi amchere okwanira kuphikira ndiwo za ukwati. Pamene ndinavuuka, jekete litandiphimba kumutu ndipo taye ili kumsana, sitima inali itaima pa siteshoni, anthu opita kuntchito atadzaza mawindo, ena akuomba m'manja, ena akundijambula ndi mafoni. Mnyamata wina anakuwa m'Chichewa chomveka bwino kuti, “Achimwene, limbani mtima!” ndipo apo ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kumudzi ine ndisanaume.

Gogo uja ndiye anandikokera kosaya atandigwira kolala. Sanatchule za mwezi ngakhale pang'ono, koma anandifunsa ngati ku Nkhotakota anthu onse amasambira ndi nsapato. Mnzake anandivuulira nsapato yakumanzere, ndipo wina anandibwereka thaulo lamaluwa limene ndinafunda popita kukaona kamera. Inali chiimire pathanthwe paja, youma, itamaliza ntchito yake mokhulupirika.

Alamu anaziona zithunzizo madzulo, ali duu, akudutsa chimodzichimodzi. Choyamba ndinali njonda. Chachiwiri ndinali njonda ya mwendo umodzi. Atafika pa china anaima nthawi yaitali, kenako anavula magalasi n'kupukuta misozi. Tinyumba tonse tinaoneka bwinobwino, mitundu yake ikuwala, sitima ili kumbuyo, funde loyera litaima m'mwamba, ndipo pakati penipeni panali miyendo iwiri ya buluku lakuda yoloza kumwamba, wina uli ndi nsapato, wina uli ndi sokosi lobooka pachala. Anati pa zaka zonse zimene akhala akujambula maukwati sanatulutsepo chithunzi chakuthwa chotero, ndipo popeza kamera ndi yawo, chithunzinso ndi chawo. Ndisanayankhe anali atachiponya kale pa gulu la banja la WhatsApp.

Mayi anaimba m'mawa mwake. Sanafunse ngati ndavulala, ndiponso sanayamikire tinyumba. Anafuna kudziwa mpingo umene ndalowa kuno wobatiza anthu chadodolido, ndipo anati akauza abusa athu kuti andilembere kalata.