Corolla ya ku Durban kapena Dzire ya ku India: mmene ndinasankhira galimoto kuno ku Joni

Abale amene muli kuno ku Joni ndipo mwayamba kusunga kandalama ka galimoto, choyamba iwalani za ma Axio ndi ma Belta omwe tinazolowera kumudzi aja. Kuno boma sililola kuitanitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan ngati mmene timachitira kwathu podzera pa Dar es Salaam, pokhapokha pakhale chifukwa chapadera ndi chilolezo chake, zija mumaziona pa Durban zili ulendo wa maiko ena zimangodutsa. Ndiye mpikisano kuno uli pakati pa galimoto zopangidwa konkuno ndi zomwe makampani eni ake anabweretsa zili zatsopano kuchokera kunja, makamaka ku India.

Ine ndimafuna sedan, ya buti yake payokha, yopitira kuntchito komanso yoti December ikafika tinyamuke ndi mayi a kunyumba ndi ana mpaka ku Blantyre. Nditayenda mmadila ndi kufufuza pa AutoTrader usiku ndi usiku zinatsala ziwiri, Toyota Corolla Quest yomwe inkapangidwa ku Prospecton ku Durban, ndi Suzuki Dzire yochokera ku India. Zonse zogwiritsidwapo kale ntchito, yatsopano thumba langa silikanafika.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita ndikusiya kukhulupirira dzina lomwe lili kutsogolo kwa galimoto. Anthu ambiri akaona Toyota amangoti ndi ya konkuno, ayi ndithu, Etios ija yomwe inadzadza mu Uber inkachokera ku India, Starlet nayo ndi Suzuki Baleno ya ku India yongoisintha baji. Ukafuna kudziwa zoona umayang'ana nambala ya VIN, ija timati nambala ya chassis, ili pa disiki ya layisensi pa galasi lakutsogolo paja. Ikayamba ndi AHT ndi Toyota ya South Africa, AAV ndi Volkswagen ya ku Kariega komwe kale kunkatchedwa Uitenhage, ikayamba ndi MA3 ndekuti yachokera kwa Maruti Suzuki ku India. Ogulitsa ena amangoyankha zomwe akuona kuti ukufuna kumva, VIN ndiye sinama.

Kenako mapepala a mphamvu. Quest yomwe inatuluka mu 2020 ili ndi injini ya 1.8, imatulutsa 103 kW. Yakale ija yoyambira 2014 ndi ya 1.6, samalani musasokoneze ziwirizi chifukwa dzina ndi limodzi koma thupi ndi injini nzosiyana. Dzire yomwe ndimayang'ana ine ndi ya 1.2, 61 kW. Ukangoona manambalawa ukhoza kunena kuti nkhani yatha, koma Dzire ndi yopepuka kwambiri, sifika olo tani imodzi, ndiye mtauni ukakhala wekha imanyamuka bwinobwino pa loboti, sungadandaule.

Vuto lake ndi lakuti Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wochepa ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban kapena Cape Town. Ziwiri zonsezi zilibe turbo. Ndekuti ka 61 kaja kuno katsala cha mma 50 basi. Nde ine poyesa sindinalole zija zongozungulira buloko limodzi ndi wogulitsa ali pambali akukuyankhulitsa kuti usamve phokoso. Ndinatenga anzanga awiri onenepa bwino kkkk, ndinayatsa aircon, nkupempha kuti tikwere nayo highway pomwe pali chitunda. Apa mpomwe zinaonekera. Dzire inafuna kutsitsa giya pafupipafupi, injini kulira, kuti udutse thiraki uyambe wawerengera kaye mtunda uli kutsogolo. Quest inangokoka osadandaula, giya ya 6 ili phee, mkati anthu kumacheza osakweza mawu. Ngati moyo wanu ndi wa Randburg kupita Sandton nkubwerera, izi sizikukhudzani kwenikweni. Koma amene munayendapo nsewu wa Beitbridge kupita Harare ndi mathiraki ake aja mukudziwa chifukwa chake ndinalimbikira pamenepa.

Pa mafuta ndiye zinatembenuka, Dzire inaimenya Quest kopanda chisoni. Kampani imati Dzire imamwa malita 4.9 pa makilomita 100, kuwerengera kwathu kuja ndi pafupifupi makilomita 20 pa lita. Quest ya manual amati 7.0, ndiye cha mma 14 pa lita, ya CVT, yomwe ndi mtundu wa automatic, amati 6.3. Manambala a kampaniwa amayesera malo abwino, mu trafiki ya M1 mmawa simudzawaona, komabe kusiyana kwake kumakhalapo ndithu. Tangowerengani nokha, munthu woyenda makilomita 2,000 pamwezi kusiyana kwa malita awiri pa 100 ndi malita 40, mwezi ndi mwezi, ndipo petulo kuno ku Gauteng amakwera mtengo kuposa kunyanja, nkumasinthanso Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Anyamata a Uber ndi Bolt akamathamangira timagalimoto ta ku India sikuti ndi opusa.

Ine sindinakhulupirire kompyuta ya pa dashboard. Ndinapempha mnzanga wina amene ali ndi Dzire komanso mkulu wina wa kutchalitchi amene ali ndi Quest kuti tiyese njira yachikale, kudzadza thanki mpaka pampu idule yokha, kulemba makilomita, kuyenda mmene amayendera masiku onse, kenako kudzadzanso pa pampu yomweyo nkugawa. Zonse zinapitirira zomwe kampani imanena, koma Dzire inakhalabe patsogolo kutali. Chokhacho thanki yake ndi ya malita 37 pomwe ya Quest ndi 55, ndiye pa ulendo wautali mtunda omwe umayenda usanaime sukusiyana kwambiri ngati mmene ungaganizire, makamaka kakang'onoko ukakadzadza anthu ndi masutikesi kamayamba kumwa mowonjeza.

Nkhani ya kulimba ndi yomwe inanditengera nthawi chifukwa aliyense amayamikira yake. Ndinasiya kufunsa eni magalimoto, ndinapita kwa amakaniko. Funso langa linali limodzi, mwa ziwirizi ndi iti imabwera kuno kawirikawiri ndipo imabwera ndi chani. Yankho linali lofanana pena paliponse, zonse sizivuta ukamapanga sevisi pa nthawi yake, pa makilomita 15,000 aliwonse, ndipo zonse zili ndi tcheni osati lamba wa timing ndiye palibe zoti uzikhala ndi mantha kuti lamba aduka. Kenako ndinalemba kamndandanda, ma brake pad, clutch, ma shock, nyale yakutsogolo, bampala, nkuyenda mmashopu a masipeya kufunsa mtengo komanso ngati zilipo pompo. Za sevisi wamba zinalipo zonse mbali ziwiri. Za thupi ndiye Corolla inali paliponse, zatsopano, zotchipa za pirate, mpaka ku ma scrapyard mbwee. Koma musaganize kuti kupangidwa konkuno ndekuti sipadzasowa kanthu, mu April 2022 madzi osefukira aja ku KwaZulu-Natal analowa mu fakitale ya Prospecton ndipo inaima miyezi ingapo, anthu anadikira magalimoto awo mpaka kutopa.

China chomwe ambiri sitiwerengera ndi akuba. Toyota ndi VW Polo kuno zimakondedwa ndi mbava, masipeya ake amayenda malonda nchifukwa chake. Ndinaimbira a inshuwalansi ndisanagule nkuwapatsa magalimoto onse awiri, pa Quest anandiuza mtengo wokwererapo komanso anati ndiike tracker. Chitani zimenezi musanapereke ndalama, osati mutagula kale.

Ndinatenga Quest ya manual. Ndikudziwa ndikulipira zambiri pa pampu mwezi uliwonse ndipo zimandiwawa, koma ulendo wa kumudzi ndi makilomita pafupifupi 1,700 kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, buti ya malita 452 poyerekeza ndi 378, ndipo ikakafera ku Lunzu kapena ku Balaka makaniko aliyense Corolla amaidziwa ngati chikhatho chake. Ndikanakhala wa Uber wongozungulira mtauni ndikanatenga Dzire osaganiza kawiri.

Mapepala tsopano, apa mpomwe ife obwera timavutikira. Ngati mulibe ID ya kuno mukufunika traffic register number, nambala yolowa mmalo mwa ID polembetsa galimoto, imatengedwa ku licensing department, mutenge pasipoti, permit yanu yosatha ntchito, zithunzi ndi umboni wa komwe mukukhala, ndipo yambani izi musanapeze galimoto chifukwa sizituluka tsiku lomwelo. Ndisanalipire ndinaipititsa koyesa kodziimira pakokha kuti aione ngati inachitapo ngozi, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kugula galimoto yowotcherera. Ndinafananitsa VIN ya pa galimoto, ya pa disiki ndi ya pa pepala la NaTIS, lomwe ndi pepala la boma la kalembera wa galimotoyo, zitatu zonse zigwirizane, komanso pa pepalapo muone kuti title holder ndi ndani, ikakhala banki ndekuti ngongole sinathe, musapereke ndalama kwa munthu pamanja. Kenako roadworthy, satifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa nsewu, yomwe imagwira ntchito masiku 60 okha. Wogulitsa amadzadza fomu yachikasu ija yodziwitsa kuti galimoto yasintha mwini, iwe umadzadza ya buluu, ndipo uli ndi masiku 21 kuti ilembedwe mdzina lako, ukachedwa pali chindapusa. Pitani mmamawa, mzere wake si wamasewera.

Amene mukufuna kudzapita nayo kumudzi, ngati mwagula pa ngongole mukatenge kalata ya banki yokulolezani kutuluka nayo mdziko, popanda imeneyo pa Beitbridge mubwerera. Mukhalenso ndi makope a NaTIS odindidwa ku polisi, chifukwa pa boda iliyonse akufunsani pomwe mukutenga TIP, chilolezo cholowera ndi galimoto mdziko kwa kanthawi.